Buku la Simenti Pabwalo Lathu

Boma linandituma kukaphunzitsa kumapiri a ku Nchenachena zipani zitangoyamba kuchuluka. Ndinali wochokera kuchigawo chapakati, Chitumbuka ndinkachimva koma osachilankhula bwino, komabe mpingo unandilandira, ndipo patapita zaka unandisankha kukhala mkulu. M'mudzi momwe ndinkakhala tinakonza kanyumba kowerengeramo mabuku, kamene kale kanali sitolo. Mabuku tinapatsidwa ndi aphunzitsi opuma ndiponso ana a m'mudzimo ogwira ntchito kutauni. Masana amayi ndi abambo ankabwera kudzaphunzira kuwerenga, ndipo wowaphunzitsa ndinali ine.

Mmodzi mwa ophunzira anga anali bambo wokalamba, mmisiri woumba ziliza. Manda ambiri a dera limenelo, mpaka ku Njakwa, anali ndi ntchito ya manja ake. Zilembo ankangozitengera papepala limene amfedwa amupatsa, osadziwa chimene zikunena. Tsiku limene anawerenga yekha dzina la mkazi wake pachiliza chimene anaumba kalekale, anabwera kudzandiuza, chipewa chili m'manja.

Komiti yathu yoyang'anira kanyumbako itagwirizana zoika chizindikiro pabwalo, iye anadzipereka. Kumsonkhano anabwera ndi kachitsanzo kadongo: mayi atakhala pansi, miyendo atatambasula, mwana kumsana, buku lili pamiyendo, chala chili pamzere.

"Asambizgi," anatero, pakuti ndi mmene amatchulira aphunzitsi kumeneko, "moyo wanga wonse ndakhala ndikuumbira anthu ogona, ndipo palibe anadzukapo kuti andiyamike. Ndiloleni kamodzi kokha ndiumbire amoyo."

Anthu anaseka. Mayi wina anakanyamula kadongoko n'kunena kuti, "Adada, mphuno iyi mwandibera ine. Mundibwezere."

"Yanuyo simenti yake siingakwane, amama," anayankha mmisiriyo.

Ine sindinaseke. Ndinaimirira n'kuwakumbutsa lamulo lachiwiri, loletsa kudzipangira chifaniziro. Ndinalankhula nthawi yaitali za mwanawang'ombe wagolide wa m'chipululu, ndipo ndinamaliza ndi kunena kuti buku lokha likwanira, popanda munthu. Ndinali mkulu wa mpingo ndiponso mphunzitsi wawo, choncho palibe ananditsutsa. Mmisiriyo anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo, asambizgi," n'kukulunga kadongo kake m'thumba.

Anaumbadi buku lokha, ndipo analiumba mmene manja ake anazolowera: pansi simenti yosalala yamakona anayi, pamwamba pake buku lotsegula lopendekeka pang'ono, penti woyera, zilembo zakuda. Mawu ndinasankha ndine, vesi ya nyali ya kumapazi. Mwambo wotsegulira ndinaukonzanso ndine. Tinaliphimba ndi nsalu yoyera, kwaya inaimba, ine ndinapemphera, kenako tinachotsa nsaluyo pang'onopang'ono. Palibe anawomba m'manja. Mayi wachikulire amene anaima pafupi nane ananong'oneza mnzake kuti, "Kodi apa tagonekapo yani?"

Pamenepo m'pamene ndinaona chimene aliyense anali ataona kale. Tinali titavundukula chiliza pakati pa mudzi.

Kuyambira sabata imeneyo amayi ochokera kumadzi ankatsitsa mawu akafika pabwalopo, ena n'kumadzera kuseri. Abambo ankavula zipewa. Dalaivala wina wa pikiapu, mlendo, anazimitsa wailesi podutsa. M'mawa wina tinapezapo nkhata ya maluwa, ndipo sindinadziwe ngati anali manyozo kapena ulemu. Ophunzira anga anayamba kuchepa, chifukwa khomo la kanyumbako linayang'anizana ndi bukulo, ndipo munthu sakonda kukhala pamanda popanda maliro. Pamsika anthu ankamuseka mmisiriyo kuti, "Adada, sukulu yathu mwaiika m'manda isanadwale."

Anabwera kunyumba kwanga kamodzi, Loweruka masana, ndikupalira kudimba.

"Asambizgi, simenti inatsalako," anatero. "Mayi uja nditha kumukhazika pambali pa bukulo. Pakakhala munthu wowerenga, anthu adzaona okha kuti si manda."

"Adada, ndipatseni nthawi ndiyambe ndapempherera nkhaniyi," ndinayankha.

Sindinaipempherere. Ndinali kusunga mawu amene ndinalankhula pagulu, kuopa kuti anthu anganene kuti mkulu wa mpingo wabweza lilime. Masiku omwewo, powerenga Malemba m'mawa monga mwa chizolowezi changa, ndinafika pa mmisiri amene Mulungu anamudzaza ndi mzimu wake kuti akongoletse chihema, ndi pa akerubi osulidwa ndi manja a munthu mwa lamulo la Mulungu Mwini wake. Ndinamva bwinobwino kuti choletsedwa ndi kugwadira, ndipo m'mudzi mwathu munalibe amene akanagwadira mayi wasimenti wobereka mwana. Ndinatseka Malembawo n'kunena mumtima kuti ndidzapita kwa mmisiri wathu uja mvula ikatha.

Mvula isanathe anadwala chifuwa. Ndinakamuona ndi akulu anzanga, tinaimba, tinapemphera, koma pamaso pa anzangawo sindinatchule za simenti yotsala ija. Anamwalira chimanga chisanaume.

Chaka chotsatira ana ake anasowa wowaumbira chiliza, pakuti mmisiri wa dera lonselo anali bambo awo. Anapempha komiti kuti iwapatse bukulo, ndipo komiti inavomera msangamsanga, ngati yotulidwa mtolo. Tinalizula ndi makasu ndi zitsulo, n'kulikweza pangolo. Ngodya imodzi ndinagwira ndine. Titalikhazika pamanda ake, linakwanapo ndendende, ngati kuti analiyezera pomwepo. Chinthu chimodzi chimene anapempha kuti chikhale cha amoyo tinachiperekeza kumanda ndi nyimbo.

Pobwerera ndinafunsa mwana wake wamkazi za kachitsanzo kadongo kaja. Anati kanali pakhonde, denga linkadontha, ndipo kanasungunuka.

Ophunzira anabwereranso bukulo litachoka. M'kanyumbamo mukatentha, amayi ankatulutsa mphasa n'kukhala pamalo pomwe tinazulapo, miyendo atatambasula, ana kumsana, chala pamzere. Ndinkawayang'ana ndili pakhomo, choko chili m'manja. Ndapempha chikhululukiro kwa Ambuye, ndipo ndikhulupirira kuti anandimva. Kwa bambo uja sindinapemphe, ngakhale kuchokera kwathu kukafika kwawo kunali kungotsika phiri limodzi.