Tsinde Limene Ndinabisira Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna kwa Maganga, m'mphuno mumandifika fungo la chigwada chosinja kumene, ndipo ndimawaona akuyendera munda wa chinangwa mzere ndi mzere, mame atanyowetsa ovolosi yomwe anachoka nayo pantchito ya njanji ku Chipoka. Tsinde likangoonetsa khate, masamba opiringizika a mawanga achikasu, ankalizula pompo n'kulitentha.

"Limodzi life, anzake apulumuke," ankatero.

Matipate anali atangobwera, anthu akukangana za zipani ndi kuchigayo komwe. Agogo ankangoseka. "Ufuluwo ngwa anthu. Khate silivota m'munda mwanga."

Tsono kumapeto kwa munda kunali tsinde langalanga, lobzala ndekha. Litayamba kupiringiza masamba, mtima unandiwawa zedi. Ndiye ine wochenjerane ndinkalawirira agogo asanatuluke, n'kuthyola masamba onse odwala, a tsindelo ndi a oyandikana nalo omwe, kukapatsa amayi kuti ndi ndiwo. Agogo pofika ankapeza tsinde labwinobwino, mpaka analisankha kuti tidzadulepo mbewu ya chaka chamawa!

Ndinagwidwira pamtondo. Tsiku lina anatola tsamba limodzi amayi asanasinje, n'kuliunika padzuwa.

"Esinati, ndiwozi wathyola pati?"

"Paliponse, agogo."

"Iii, paliponsepo tiye ukandionetse."

Tinapeza khate litafalikira mizere itatu, yomwe inali mbewu yathu yonse. Sanandimenye ayi. Anangondipatsa khasu, ndipo ndinazula ndekha kuyambira langa lija, misozi ili chuchuchu. Chaka chimenecho mbewu tinachita kupempha kwa anansi, wosenza mtolo ndili ine.

Lero ndimagwira ntchito yoyeza magazi. Pophunzira ntchitoyi anatiuza kuti selo la m'thupi likalowedwa ndi vayirasi limadzipha lokha kuti anzake apulumuke, koma mavayirasi ena amalitsekereza kufa, amalisunga looneka bwino kuti chitetezo cha m'thupi chidutse osakayika, iwo akuswana m'katimo. Anzanga ankalemba ali phee, ine kuseka chikhakhali mpaka aphunzitsi kufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Ndikanawauza bwanji kuti ntchito ya kachilomboyo ndinaigwirapo ndili kamtsikana?

Ndiye munthu akandiuza kuti, "Taonani thupi langali, mundiyezeranji?" ndimamumvetsa kuposa mmene akuganizira. Ndimamukokera mpando, timacheza mpaka atambasule mkono yekha.