Dzina lomwe ndinakatchula pothera njanji

Tinanyamuka ku Braunstone, kuno ku England, Lachisanu m'mawa, ine ndi mlamu wanga Agnesi, namwino wokonda kutchena, kukakwera ndege ya ku Poland pa bwalo la East Midlands. Agnesi ankapita kukapitidwa mphepo. Ine ndinali nditatumidwa.

Anandituma ndi bambo Yakobo, nkhalamba ya Chiyuda imene ndimaisamalira kunyumba ya okalamba ku Oadby. Iwowa anafika ku England ali kamwana, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kuyamba. Mayi awo anatsala kwawo, ndipo anakaphedwera ku msasa wa Auschwitz, ku Poland komweko. Manda awo kulibe. Atamva za ulendo wanga anandigwira dzanja nati: “Mukafika pothera njanji mukatchule dzina lawo mokweza. Miriyamu. Ine miyendo yakana.”

Loweruka 7 koloko m'mawa kabasi kanatitenga mumzinda wa Krakow. Mtengo unali mapaundi sikisite munthu mmodzi, kamba wa masana ali momwemo. Wotiyendetsa anali mayi wamtali, woyang'ana wotchi pafupipafupi ngati waphika mpunga.

Tinayambira ku mgodi wakale wa mchere. Tinatsika masitepe amatabwa mpaka maondo anga anayamba kudandaula. Pansi pamenepo zonse n'zamchere: makoma, ziboliboli, ngakhale tchalitchi chathunthu. Atatilola kulawa khoma, Agnesi ananyambita chala nagwira pakamwa.

“Mlamu, mchere wonsewu! Ife kwathu kumapemphana wa pasupuni!”

Ndinaseka mpaka misozi. Kuseka kwa tsikulo kunathera pomwepo.

Ku msasa tinafika cha m'ma 1 koloko. Nditangotsika m'basi ndinatulutsa chitenje ndi mpango m'kachikwama, n'kuvala.

“Ayi, mlamu, mukundiembarasa,” ananong'ona Agnesi. “Iyi ndi miyuziyamu. Azungu atijambula.”

“Ajambule. Pano pafa anthu. Inu munapitapo pamaliro mutavala thalauzi lokha?”

Anayamba kuyenda patali pang'ono ndi ine. Sindinasamale.

Za m'katimo zimavuta kufotokoza. Mulu wa tsitsi la amayi. Nsapato za ana. Masutikesi olembedwa maina, poti eni ake anauzidwa kuti akawatenganso. Ndinakwiya, abale, mtima unachita kuwawa. Ophawo sanangofuna kupha, anafuna kuti munthu asakhale ndi manda ngakhale womulira.

Itakwana 4 koloko tinali ku msasa wachiwiri, kumene njanji imalowa pachipata n'kukathera m'katimo. Mphepo inali yobaya m'mafupa. Tisanafike kumapeto kwenikweni, wotiyendetsa anayang'ana wotchi nati nthawi yatha, basi inyamuka pakatha mphindi khumi ndi zisanu. Anthu anatembenuka.

Ine ndinapitirira.

“Mlamu, atisiya!” anakuwa Agnesi. “Bwererani, mukatchulira m'basi!”

“Andisiye. M'basi simunafere munthu.”

Nditafika pothera njanji ndinakhala pansi n'kutambasula miyendo monga timachitira amayi pasiwa. Nthaka inali yonyowa. Ndinatchula mokweza: “Miriyamu! Amayi a Yakobo! Mwana wanu ali moyo, wakalamba, amadya bwino, timamusamala. Pepani.” Kenako ndinalira, kulira kwenikweni kwa kwathu, kosabisa m'kansalu. Anthu angapo anacheuka. Acheuke.

Ndinamva wina akukhala pambali panga. Anali Agnesi, atafunda sikafu kumutu, thalauzi lake loyera lili m'matope. Anandigwira phewa.

Tinapeza basi ikutidikira, anthu atayamba kale kumasula masangweji otsala masana. Wotiyendetsa sanatikalipire, anangotitsegulira chitseko. Koma ine sindinakwere msanga. Kwathu munthu wochokera kumanda sagwira chakudya asanasambe. Ndinatsegula botolo la madzi akumwa, ndinathirira Agnesi m'manja, iye nandithirira ine, pomwepo pakhomo pa basi, anthu akuyang'ana pawindo.

Lolemba ndinali pa shifiti ku Oadby. Ndinapeza bambo Yakobo ali pampando wawo wa pawindo, ndipo ndinagwada n'kuwafotokozera zonse monga achitira wotumidwa kumaliro: njanji, mphepo, dzina.

“Mokweza?” anafunsa.

“Mpaka anthu kucheuka.”

Anatseka maso. Kenako anafunsa chinthu chomwe sindinachiyembekezere.

“Potuluka munasamba m'manja?”

“Ndinasamba, bambo. Kwathu timatero.”

“Ifenso timatero tikachoka kumanda,” anatero. “Ndiye kuti amayi anga ayikidwa.”

Zaka zonsezi kuno ndakhala ndikubisa miyambo yathu pansi pa yunifolomu kuopa kusekedwa. Tsiku limenelo ndinasiya. Ndinawapukuta misozi, n'kukawapangira tiyi.