Chindudu cha M'kabati

Kwathu ku Biriwiri, m'kabati ya mbale za alendo, munkakhala ndudu yaikulu yabulauni, yonenepa ngati chala chachikulu cha mlimi, yomanga kalamba kagolide m'chiuno. Anabwera nayo ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene ankagwira ntchito mu hotela ku Joni. Iwo ankaitcha siga. Ife tinkangoti chindudu.

Abambo sasuta. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo ngakhale kale ankalima fodya, ankangomugwira ndi manja basi. Koma atalandira chinducho analengeza pamaso pa banja lonse kuti chidzayatsidwa tsiku limene ine ndidzavale mkanjo ndi chipewa chamakona ku koleji. Anali atamva kuti anthu ophunzira amatero akapambana.

Ku koleji ndinapitadi. Patapita nthawi, ine ndi koleji tinagwirizana mwamtendere kuti aliyense aziona zake. Maganizowa anayamba ndi kolejiyo, ndipo inawamata pa bolodi kuti aliyense awerenge.

Nditabwerera kumudzi ndi chikwama ndi tindevu, abambo sanakalipe. Anangosiya kundilankhula. Tikakhala pakhonde, mawondo pafupifupi kugundana, ankatembenukira kwa amayi.

"Amake ana, auzeni a pulofesa kuti makasu ali kuseri."

"Mwamva, a pulofesa," amayi ankatero osakweza ndi mutu womwe.

Mvula inabwera, inapita. Ndinalima mbatatesi, ndinakumba, ndinasenza matumba mpaka kumsewu, koma uthenga uliwonse unkadzerabe mwa amayi. Iwo akapita ku msonkhano wa amayi a mpingo, pakhomo pankakhala popanda netiweki. Ndinkaseka nazo, koma mumtima ndinkalakalaka abambo atangonditukwana, bola andiyang'ane.

Loweruka lina, m'nyengo yozizira, amayi akupukuta m'kabati anapeza chinducho chili ndi timabowo, pansi pake pali kafumbi. Anachiika pa sosala n'kupita nacho pakhonde pamene tinkaothera dzuwa.

"Mlendo wanu uja ayamba kumudya."

Abambo anachitembenuza, anachinunkhiza, anapukusa mutu.

"Auzeni a pulofesa asankhe. Asute iwo, kapena asute anankafumbwe."

"Auzeni nokha," anatero amayi akusenza thumba la chimanga. "Ine ndili ndi ulendo wakuchigayo." Ndipo anapitadi, osacheuka, ngakhale ufa m'nyumbamo unalimo wodzaza ndowa.

Tsono anthu asamanene kuti ku koleji sindinaphunzireko kanthu. Mu laibulale munali magazini ina yofotokoza kasutidwe ka ndudu zoterezi, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene ndinawerenga kumeneko mpaka kumapeto. Tsiku la mayeso ake linali litakwana.

Choyamba, chindudu chimakhala chotseka mbali ya kukamwa, ndiye pamafunika kudula kansonga pang'ono chabe, ngati mukuwenga chikhadabo. Mukadula kwambiri chimamasuka chonse, mumatsala ndi masamba m'manja. Ndinalengeza zimenezi mokweza, ndikuyang'ana nkhuku imene inkadutsa. Abambo analowa m'nyumba, anabwera ndi lezala yawo yometera, n'kuiika pansi pakati pathu ngati yangogwa yokha.

Apa panabuka nkhani imene magazini ija sinaiganizire. Kwathu mwana sasuta maso ndi maso ndi bambo ake, ngakhale atalamula ndi bambowo. Ndinanyamula mpando wanga n'kuutembenuza, nkhope kuloza kumapiri a ku Mozambiki, msana kwa mkulu wa mpingo.

Kuyatsa kwake sikofanana ndi kwa chingambwe. Mumakhwecha machesi, kudikira fungo la mankhwala lichoke, kenako kumawamba nsonga pamwamba pa lawi uku mukutembenuza, monga chimanga chachiwisi pa makala. Moto usachikhudze kwenikweni, ungochinyengerera. Koma mphepo ya ku Biriwiri siinawerengeko magazini. Machesi ankazima asanayambe n'komwe ntchito. Nditangotsala pang'ono kumaliza bokosi, ndinaona chipewa cha abambo chikutsika pambali pa khutu langa, n'kuima ngati mpanda. Lawi linakhazikika, nsonga inafiira mozungulira.

Ndinakoka. Palibe chinabwera. Ndinakokanso mpaka masaya kugundana m'kati. Utsi unkatulukira m'timabowo ta anankafumbwe tija, uku ndi uku, ngati nyumba ya udzu m'mamawa.

"Tseka bowo lapansilo, iwe! Ndi chala!"

Anali abambo. Nkhuku inali itapita, amayi anali kuchigayo. Mawuwo anali anga ndekha. Ndinafuna kutembenuka, koma malamulo sankalola, choncho ndinatseka bowolo, ndi linzake, ndi linanso, mpaka ndinachigwira chinducho ngati chitoliro. Utsi unafika m'kamwa.

Utsi wa chindudu samameza. Mumausunga m'kamwa kwakanthawi, lilime liumve, kenako mumausiya utuluke wokha ngati mlendo waulemu. Ukatero umakoka kamodzi n'kupumira, chifukwa chikakakamizidwa chimatentha n'kuyamba kuwawa.

"Chikukoma bwanji?" anafunsa kumbuyoko.

Ndinaganiza mozama, monga munthu wophunzira. "Khofi pang'ono, ababa. Chikopa cha ng'ombe. Kenako kabati ya amayi."

Ndinamva mpando wawo ukugwedera. Ankaseka chamumtima, kuopa udindo.

"Uzira kuno ndimveko."

Ndinauzira utsi cham'mbali, mphepo n'kuwaperekera. Anati fungolo likuwakumbutsa chigafa chawo chakale mvula ikangogwa, ndipo anafotokoza za ng'ombe ina imene inalowamo n'kudya fodya, kenako inakhala tsiku lonse ikuyang'ana mtengo umodzi. Nkhaniyi ndinali ndisanaimvepo.

Ubwino wa chindudu ndi wakuti sichitha msanga, ndipo sungachisiye pakati n'kupita kukamwetsa mbuzi. Tinakhala. Phulusa linkatalika kunsonga, loyera, losagwa. Ndinawauza kuti phulusalo saligwedeza, limagwa lokha likafuna. Iwo anati ligwa ndisanakokenso, ine ndinati ayi. Linagwera pa buluku langa, ndipo anaomba m'manja ngati timu yawo yagoletsa.

Kenako, mawu atatsika, anati, "Kunali kovuta kumene kuja?"

"Kwambiri, ababa."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinkaopa kabati."

Ine ndinayamba kufotokoza, ndikuuza mapiri, za maphunziro amene sankalowa m'mutu ngakhale nditawakankha ndi bondo. Kulankhula ndi abambo utawapatsa msana n'kosavuta modabwitsa, ndipo ndikanakonda madokotala atazifufuza. Pamene ndinkamaliza, chinducho chinali chitazima.

"Chatha?"

"Ayi. Chikazima mumangochotsa phulusa n'kuyatsanso."

"Nanga koleji, siyatsidwanso?"

"Ija inanyowa, ababa."

Apa ndiye anaseka poyera, mpaka kutsokomola, munthu wosasuta. Chipewa chinatsikanso, tinayatsa.

Chitafika pa kalamba kagolide, zala zitayamba kumva kutentha, ndinachigoneka pa sosala. Chindudu sachinyenya ndi nsapato, chimasiyidwa chizime chokha. Nditaimirira, bwalo linapendekeka pang'ono, koma ndinaligwira ndi maso mpaka linakhazikika. Ndinatembenuza mpando.

"Lolemba udzuke msanga," anatero abambo akundiyang'ana. "Tikakumane limodzi ndi a malole ogula mbatatesi aja. Pakamwa uli napo, ukawalankhule ndiwe."

Amayi anafika ufa uli mbuu m'nsidze. Anatula thumba, ananunkhiza m'mwamba, anatiyang'ana tonse awiri.

"Pali uthenga woti ndipereke?"

"Mwapuma pa ntchito, amake ana," anatero abambo.

"Penshoni yanga ndi tiyi," anayankha amayi. "A pulofesa, ketulo ili apo."

Kalamba kagolide kaja abambo anakavula pa kachidutswa kotsala n'kukabwezera m'kabati. Kalimobe, pakati pa makapu a alendo. Mlendo akafunsa, abambo amayankha ndi nkhope yosaseka kuti ndi satifiketi ya mwana wawo.