Makoko a Mabowo Awiri

Kalervo Huttunen wa m'tauni ya Kajaani, kudziko lozizira lakutali, anagwira ntchito yoona matikiti m'sitima mpaka kupuma, ndipo ntchitoyo inamusiyira nthenda imodzi: sankakhulupirira munthu. Ukamupatsa moni mwansangala ankayamba wagwira thumba lake. Mkazi wake Helmi ndiye ankatha kumuseka n'kumubweza, koma Helmi atamwalira anzake anatha mmodzimmodzi. Anatsala ndi mlamu wake Torsti, mlongo wake wa malemuyo. Loweruka lililonse Torsti ankaimitsa galimoto pageti, kuliza hutala, awiriwo n'kupita kubwalo loomberako mfuti za m'manja. Pakanapanda Torsti, bwenzi Kalervo akutha mlungu wathunthu osatsegula pakamwa.

Zipolopolo zatsopano Kalervo sankagula, ankati a m'sitolo ndi akuba ovala tayi. Ankatola makoko a zimene waomba n'kukawadzazanso kunyumba. Ntchito yoyamba ndi kuchotsa kabatani koyatsira onga kamene kamakhala kunsi kwa khoko, poti kakapsa kamodzi katha ntchito. Umaika khoko pamakina, kukoka chigwiriro, kamsomali kowonda n'kudutsa pabowo lapakati, kukankhira kabataniko kunja.

Pabwalo paja aliyense amapaka kunsi kwa makoko ake utoto wakewake, kuti akamwazikana pansi pasabuke mkangano. Wa Kalervo unali wobiriwira. Kungoti msana unali utayamba kumukana, moti potola ankawerama atalumira mano, ndipo makoko ambiri ankamusowa m'miyala. Izi sankauza munthu.

Chaka china chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chitangosungunuka, kamsomali kaja kanathyoka. Anaika kena, akumati mwina sanamange bwino. Kanathyokanso. Anatukwana opanga makina, anapukuta paliponse, anagwedeza makoko kuti mwina mwalowa timiyala, koma kachitatu nako kanangoti thyo. Apo m'pamene anatenga tochi n'kusuzumira m'khoko limene linapalamulalo. Pakati panalibe bowo. Panali timabowo tiwiri m'mbali, mmene ankapangira zipolopolo zakale za asilikali, zimene kamsomali sikangaboole ngakhale utakapempherera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma kunsi kwa khokolo kunali utoto wobiriwira, ndipo utoto sudzipaka wokha.

Kalervo sanavutike kufunafuna wolakwa. Amene anali ndi ndowa ya makoko akale otere m'shedi mwake, osiyidwa ndi bambo ake, anali Torsti. Mpikisano wa akuluakulu unali pafupi, ndipo Torsti anali asanamuposepo Kalervo chiyambire. Nanga bwanji masiku amenewa ankalimbikira zomunyamulira chitini cha makoko popita kugalimoto? Loweruka lotsatira Kalervo anachita ngati akupukuta magalasi, diso lili kwa mlamu wake. Anamuona akupisa m'thumba la jekete n'kuthira zinazake m'chitini muja. Kunena zoona mtima wake sunawawe, unakondwa, ngati masiku aja ankagwira munthu wopanda tikiti atabisala kuchimbudzi.

Akanamufunsa m'galimoto zikanatha bwino. Koma Kalervo anadikira nthawi ya khofi, onse a kalabu atadzaza m'kanyumba kopumira, mabanzi ali m'manja. Anakhuthulira chitini chonse patebulo, n'kufotokoza za timisomali tothyoka ndi timabowo tiwiri ngati ali m'khoti.

"Alamu, mukanangonena kuti chikho chakukhumbitsani, ndikanakubwerekani mukagone nacho," anatero. "Osati kundithyolera makina mwaumbava chonchi."

Wina anaseka n'kuleka msanga. Torsti anatola khoko limodzi, kulisuzumira nthawi yaitali. Iye ankangogula zipolopolo zake, m'kati mwa khoko anali asanayang'anemo chibadwire.

"Mabowo awiridi," anatero motsitsa mawu. "Ine ndimayesa khoko ndi khoko basi. Ndimakuonani mukuwerama, alamu, theka la makoko n'kutsala pansi, ndiye ndimakuwonjezeraniko a m'ndowa ya bambo aja mobisa. Ndikanati ndikutolereni mukanandikalipira, ndikanati ndikupatseni mukanakana. Utotowo ndinachita kukasankha kusitolo kuti ufanane ndi wanu."

Kalervo anafunafuna bodza m'mawu amenewo, poti ndiyo ntchito imene ankaidziwa, koma sanalipeze. Manyazi anamugwira, komabe sanapepese. Torsti anamaliza khofi wake, kutsuka kapu, n'kukamutula mlamu wakeyo pageti monga mwa nthawi zonse.

Mlungu umenewo Kalervo anakhala pansi ndi tochi kupatula makoko. A mabowo awiri anali ambiri kuposa mmene ankaganizira, kusonyeza kuti Torsti sanayambe dzulo. Anaona chinthu chinanso: ake ankawapaka mongodutsa, koma awa anapakidwa mosamala, utoto osatayikira m'mbali. Anafuna kuwataya, dzanja linakana. Anawaika m'mbale yagalasi imene Helmi ankasungiramo maswiti.

Loweruka anadzuka molawirira, kukagula mabanzi amene Torsti ankawakonda, n'kuima pageti mawu opepesa atawakonza bwinobwino. Galimoto iliyonse ikatulukira pakona ankatukula chikwama chake. Anaima mpaka msana unayamba kumubaya, mabanzi kuzizira m'pepala. Hutala sinalire.