Kalata ya Bambo a Ufulu

Fainess amagulitsa tomato pamsika wa Migowi, pafupi ndi pokwerera maminibasi. Ndi mayi wosalankhulalankhula. Wogula akanenerera mtengo, iye amangowonjezera tomato mmodzi n'kuyang'ana kumbali. Kumsana kwake kunkakhala Ufulu, mwana wa zaka zitatu amene sankathamanga ngati anzake. Akayenda pang'ono milomo inkada, kupuma kuli wefuwefu.

Madokotala a ku Blantyre anapeza kuti mtima wa mwanayo uli ndi bowo. Opaleshoni yake inali yokachitira ku India, ndipo tsiku linali litaikidwa kale. Chinatsala ndi pasipoti ya mwana ndi kalata ya bambo ake yovomereza kuti atuluke m'dziko.

Apo m'pamene panavuta. Davison, bambo a Ufulu, anachoka pachikamwini ukwati utatha, n'kukakwatira cha ku Fort Lister. Pamudzi panatsala a Makina, amalume ake a Fainess, eni mbumba. Atamva za kalatayo anavala jekete, n'kusaina okha pamalo pa bambo.

"Amalume, akufuna bambo ake omubereka," anatero Fainess.

"Iwe, mwanayu ndi wa mbumba yanga. Uja anangobwera kudzalima."

Ku ofesi ku Blantyre, kalaliki anayerekeza dzinalo ndi la pachiphaso chobadwira cha mwana, n'kubweza pepalalo. A Makina anayamba kumuphunzitsa mwambo wa Alhomwe, mzere wa anthu ukung'ung'udza kumbuyo. Fainess anangotuluka panja.

M'mawa mwake anakwera njinga yamoto ya kabaza kupita kwa Davison. Anamupeza akupuntha nandolo pabwalo.

"Ndisaine ine? Tsiku ndinkachoka lija, amalume anu ananena pamaso pa anthu kuti ndilibe mwana pamudzi paja. Abwere adzanene okha kuti ndili naye."

"Bambo a Ufulu, mwana akulephera kupuma, inu muli pa nkhani za chaka chatha?"

Davison anamuyang'ana Ufulu nthawi yaitali, koma anangoti, "Abwere."

A Makina atamva anaseka. "Ine ndikagwadire mkamwini?"

Kunali kutatsala milungu itatu, pasipoti isanayambe n'komwe. Fainess sanakangane nawo. Anamasula Ufulu kumsana, n'kumukhazika pamiyendo pawo.

"Mbumba yanu ndi iyi. Muichiritse."

Anasenza dengu lake n'kupita kumsika. Amalumewo anatandala ndi mwanayo tsiku lonse, kamtima kakugunda mothamanga pachifuwa pawo. Dzuwa likupendeka anafunsa kuti wakabaza uja amapezeka pati.

Kugwada sanagwade. Anaima kumapeto kwa bwalo la Davison, chipewa chili m'manja, maso ali kuphiri la Michesi.

"Bambo a Ufulu, mwana wanu akudikira inu."

Davison anasainira pachishalo cha njingayo.

Pasipoti itatuluka, amuna awiriwo anautsa mkangano wina: woperekeza kubwalo la ndege ku Chileka akhale ndani, mwini mbumba kapena bambo? Aliyense anatumiza uthenga woti ngati winayo apite, iye sapita. Fainess anawauza onse kuti ulendo ndi wa Lachisanu. Lachinayi m'mamawa, tsiku lenileni la ulendo, anabereka Ufulu, chikwama pamutu, n'kukakwera minibasi yoyamba.