Kankhaninso, ana anga

Kuno ku Lungwena amati galimoto ya aneba angawa ndi yamoyo, amangoinamizira kufa kuti achipani asamaibwereke. Inenso, kunena zoona, ndinkazikhulupirira pang'ono. Munthu zaka zisanu ndi ziwiri pansi pa galimoto imodzi, osatopa?

Adaigula kwa ansembe a ku mishoni mbuzi zikugonamo. M'mawa uliwonse timangoona mapazi awo atatulukira kunsi kwake. Gasiketi amadula ku nsapato zakutha, waya amapempha kwa asodzi. Ukawafunsa amati, "Yangotsala pang'ono, achimwene."

Mphekeserayo itafika kwa atcheyamani a chipani, adabwera ndi anyamata awo, ayufi asanu ndi mmodzi.

"Ilizeni. Loweruka ikanyamula amayi ovina. Ngati mumatinamiza, mukayankha ku boma."

Koma eni ake nkhope kuwala!

"Ambuye andipatsa okankha!"

Adalumphira pachiwongolero, anyamata aja n'kukankha mumchenga mpaka kusitolo.

"Yatsokomola, mwaimva? Kankhaninso, ana anga!"

Ulendo wachinayi ayufi adathawa, atcheyamani ali patsogolo. Aneba adatsika, natenga sipanala, nalowanso kunsi pomwepo pamsewu.

Sadanamize munthu. Galimotoyo ndi yakufadi.