Jeti Yaikulu Ndinasankha Ndine

Senderani kuno, ana anga, ndi inu owerenga amene nkhope zanu sindidzaziona. Mwendo wa mdzukulu wanga Lameki ndinaupundula ndine, ndi chala chomwechi chimene ndimasankhira mbewu.

Lameki ndi mwana wa malemu mwana wanga wamkazi, ndipo ndinamulera ndine kuno ku Bundabunda. Chiyambire ali wamng'ono, chilichonse ankabwera nacho kuti ndimusankhire: nsapato, kagalu, ngakhale mtsikana woti amufunsire. Ankati dzanja la ambuya silitola mbewu yofumbwa.

Atakula anapita ku Silverest kukaphunzira umakanika kwa ba Sakala. Kumeneko anadzutsa kagalimoto kofiira kamene ena anakataya, nakakonza kuti kazipikisana liwiro ndi anzake. Lamulungu lina anabwera nako kudzanditenga ku Misa. Kuseri kwa mpando kunagona botolo lachitsulo ngati khanda, lobwereka kwa ba Sakala. Anati muli mpweya wotchedwa naitirasi. Ukadina kabatani, mpweyawo umalowa mu injini, galimoto n'kulusa.

Titafika pa msewu wa tala wowongoka anati, "Ambuya, gwirani duku." Anadina.

Inu owerenga, msana wanga unamatirira kumpando. Mitengo inasungunuka, minda inayenda ngati mtsinje. Ndinangozindikira ndili mtsikana, nditakhala kumbuyo kwa njinga ya malemu amuna anga, tikutsetsereka chitunda, mphepo itadzaza chitenje. Ndinamva ngakhale fungo la sopo wa malaya awo. Lameki atachotsa chala, ndinabwerera m'mawondo anga owawawa. Ndinamuuza zimene ndinaona, iye anaseka mpaka misozi.

Kuyambira tsikulo, kaya ndikupalira, kaya ndikusenda nyemba, mtima unkangobwerera pa njinga ija.

Chimanga chitayamba ngayaye, anabweranso. Anali atagula botolo lakelake, kutatsala kusankha jeti, kachitsulo kachikasu kokhala ndi kabowo kodutsira mpweya. Anatambasula dzanja, mmenemo muli tiwiri ngati njere za mapira. Kena bowo lake ngati diso la singano, kena lokulirapo.

"Nisankhireni, ambuya. Ba Sakala akamba ing'ono. Ati injini yanga ni nkhalamba monga imwe."

"Nkhalamba ni ba Sakala wako. Nanga ikulu iyi ifika kuti?"

"Iyi muzapatsana nawo moni ambuya amuna, maso na maso."

Anandifotokozera bwinobwino, sindingamunamizire. Jeti yaikulu imafuna petulo wambiri woyenda limodzi ndi mpweyawo, ndipo pampu ya petulo ya kagalimotoko inali yotopa. Ndinamva. Ine ndakalambira m'munda, ndimadziwa kuti feteleza wochuluka popanda mvula amawotcha chimanga. Koma maso anga sanali pa dzanja lake. Anali pa msana wa malaya aja. Ndinaloza yaikulu.

Mwanayo sanatsutse. Anali asanakanepo chimene chala changa chaloza.

Loweruka masana anapita kukayesa yekha pa msewu wa kumapulazi, ati akaona kuti zili bwino adzanditenga mailo, ndiye kuti mawa lake. Ine ndinali nditachapa kale duku. Akuti atadina, injini inalira ngati mfuti, utsi unaphimba galasi, galimoto n'kukagwera m'ngalande. Anthu anamutulutsa wamoyo, koma mwendo wakumanja unali utaphwanyika pabondo. Kuchipatala Lameki sanandinenere mawu oipa ngakhale amodzi. Anangoti, "Ambuya, sorry, ulendo wanu wa mailo waphonyeka."

Ndiye ndikuti, inu amene mumakonza magalimoto othamanga, posankha zinthu zimenezi mverani munthu amene anaona m'mimba mwa injiniyo, muyambe ndi kabowo kakang'ono. Ndipo inu akuluakulu anzanga, mwana akakutambasulirani dzanja, dzifunseni kaye kuti mukusankhira iye kapena mukudzisankhira nokha. Kunena kuti "izi sindizidziwa" sikuchotsa imvi.

Ba Sakala anasiya kugulitsa mabotolo aja kwa anyamata. Mtsikana amene ndinamusankhira Lameki sanathawe, anakwatirana, ali ndi mwana. Kagalimoto kofiira kali pano pansi pa mango, nkhuku zanga zimaikira pampando pamene ndinakhala. Lameki amakonzabe magalimoto atakhala pa kampando, koma sayendetsanso. Amabwera kudzandiona pa minibasi, ndi ndodo yake, ndi shuga, ndi nthabwala zake zonse. Dzanja lokha, sananditambasulirenso.

Jeti yaing'ono ija ndinaipeza m'kagalimotomo, ndinaimangirira ku kolona yanga. Chala chikafikapo, ndimaima.